Mwana wanga amajambula zopanda mutu

Amalonda anzanga a mumsika wa Zingwangwa mukundidziwa, ndine uja wa zitenje. Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti makatoni odetsedwa ndi matope amene ndakoleka kuseri kwa benchi yanga ndi a chiyani. Mayi wina wa tomato mpaka adandinong'oneza kuti kodi si zizimba zokokera makasitomala? Iyayi amayi. Ndi ntchito ya mwana wanga wamwamuna, ndipo nkhani yake nayi.

Mnyamatayu dzanja ali nalo kuyambira ali ku pulayimale. Ine maganizo anga adali akuti akangomaliza Folomu 4 ndikampereke kwa bambo wina wolemba zikwangwani, azijambula mitu ya anthu pa mabarbershopu ndi nkhuku pa zipupa za magolosale. Imeneyo ndi ndalama yooneka, munthu amadya tsiku lomwelo.

Ndiye kudabwera namondwe Freddy mu Malichi 2023. Nonse mukukumbuka m'mene phiri la Soche lidasanzira matope ndi miyala kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Ife nyumba idatsala, koma mnzake amene ankakhala naye desiki limodzi sadapezeke. Mwana wanga adathandiza nawo kukumba masiku atatu. Atabwerako sadalankhule za kumeneko, mpaka lero.

Chimene adayamba ndicho kutola dothi. Katondo wofiira, dothi lakuda la kudambo, phulusa la pambaula, makala osinja, zonse m'zitini za mkaka. Amasungunula ndi madzi n'kumapaka pa makatoni anga a katundu ndi zala, nthawi zina ndi chitsotso kapena nthenga. Mizere yotsetsereka, madontho, zozungulira ngati maso a nsomba. Munthu palibe, nyumba palibe, ngakhale mtengo.

Ndidapsa mtima zedi. Tsiku lina ndidamufunsa, "Kodi iwe, chimenechi n'chiyani?" Iye adati, "Sindikudziwa amayi, dzanja limangopita lokha." Ha! Dzanja lopita lokha lidzagula ufa? Ndikuvomera pano kuti makatoni awiri ndidasonkhezera moto wophikira nyemba. Adangondiyang'ana, osanena kanthu.

Amene adandichititsa manyazi ndi amayi anga, atabwera kuchokera kwathu ku Dedza kudzaonetsa maso kuchipatala. Ndi maso ovutawo adatenga katoni imodzi, kuyiyandikitsa kumaso, n'kuseka. Ati, "Mwanawe, waiwala kuti unakulira m'nyumba yotani?" Zoonadi. Chaka chilichonse tikakolola, amayi ankazira khonde ndi mtsiro, kenaka pachipupa n'kudinda zikhatho, madontho ndi mizere yokhotakhota ya dothi loyera ndi lofiira. Palibe adawafunsapo kuti n'chiyani. Anthu odutsa ankangoti nyumba ya uje yakongola.

Adatikumbutsanso za mapanga a ku Chongoni, kufupi ndi kwathu komweko. Kumeneko kuli malo 127 amene anthu akale adajambula pa miyala, monga Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi, ndipo bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zoyera, zooneka ngati nyama, n'za Achewa, za chinamwali ndi gule wamkulu. Koma zofiira, zakale kwambiri, zimene amati adajambula Akafula, zambiri ndi zozungulira, madontho ndi mizere basi. Azungu amakwera ndege kudzaona zimenezo, ine n'kumasonkhezera za mwana wanga pamoto.

Usiku umenewo ndidayang'ana katundu wanga yemwe. Mwa zitenje khumi zimene ndimagulitsa, n'zingati zili ndi chithunzi chenicheni? Kupatula za chipani ndi za mpingo, zotsalazo ndi mizere ndi timadontho tokhatokha, kwinaku ngati tsamba koma si tsamba. Mayi amaima apo, kugwira ichi, kusiya, kugwira icho, n'kuti "ichi chandilowa mumtima." Sindidamvepo wina akufunsa tanthauzo asadalipire. Inu a mbiya, a malichero ndi a mikeka, si chimodzimodzi kwanuko?

Musandimve molakwa, nkhawa ya ndalama ikadalipo. Pa makatoni onsewo wagulitsapo imodzi yokha, kwa mphunzitsi wina wa ku Chilomoni, ndipo ndalama yake idathera pa sopo ndi ndiwo za masiku awiri. Choncho tagwirizana kuti m'mawa azipita kwa bambo wa zikwangwani uja, madzulo dothi lake.

Pali imodzi imene ndakana kuti igulitsidwe. Ndi yofiira, mizere yonse ikutsika kuchokera pamwamba, pansi pali kadontho kamodzi koyera. Iye akuti sakudziwa chimene adajambula, ine sindidamufunsenso. Mukadutsa pabenchi panga muiona, ili pamwamba pa zitenje za ku Tanzania.