Ndisanafufute Chilichonse

Kashopu kanga kali m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga, pakati pa owotcherera mageti ndi akalipentala. Munthu akandibweretsera laputopu, ndisanaiyatse n'komwe ndimamufunsa kuti: "Muli chiyani umu chimene mulibe kwina kulikonse?" Ambiri amayamba aganiza kaye, kenako nkhope imagwa. Muli zithunzi za maliro a mayi, mabuku a ndalama za chilimba, nyimbo za kwaya zimene anajambula okha.

Chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku damu la magetsi la Kariba, malaiti ankabwera maola ochepa, nthawi zambiri pakati pa usiku. Miyezi imeneyo ndinalandira makompyuta odwala ambiri kuposa kale lonse. Mmodzi mwa amene anabwera anali mtsikana wophunzira pa yunivesite ya UNZA, maso ali psuu. Batire ya laputopu yake inafa kalekale, ndiye ankaigwiritsa ntchito ili pa soketi. Magetsi anathima iye akulemba, ndipo m'mawa mwake Windows inakana kudzuka. M'katimo munali kafukufuku wake wa chaka chomaliza.

"Ankolo, kwina andiuza kuti angoifomata," anatero.

Mawu amenewo amandipweteka, chifukwa ndi matenda a ntchito yathu. Kufomata n'kofulumira: pa ola limodzi kompyuta yayaka, kasitomala walipira. Koma ndiye kuti wasesa nyumba pamodzi ndi katundu wa mwini wake.

Ndinamuuza kuti, "Khala pansi, mwana wanga, tiyambe tamvetsera." Ndinaika khutu pa laputopu. Hadi disiki ya mtundu wakale ya mu laputopu ili ndi timbale timene nthawi zambiri timazungulira ka 5,400 pa mphindi, ndipo kamutu kowerenga kamayandama pamwamba pake osakhudza. Magetsi akaduka disiki ikulemba, fayilo imatsala theka. Disiki ikagwa pansi, kamutu kaja kamakanda mbale, ndipo umamva kuti kha, kha, kha. Ukamva zimenezo zimitsa msanga, chifukwa kuyatsa kulikonse kumawonjezera bala. Yake inkangolira bwinobwino, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Ndili ndi flashi imene ndinaikamo Ubuntu. Kompyuta imadzukira pa flashiyo osadalira Windows yowonongeka, ndipo mafayilo amaoneka. Ndinayamba ndi foda ya kafukufuku, kenako zithunzi, mafilimu pomalizira, pakuti disiki yodwala ikhoza kufa uli pakati pokopera. Mitu yonse inatuluka kupatula wachinayi, umene ankalemba usiku uja. Tinakhala chete. Kenako ndinamufunsa ngati anatumizirapo aphunzitsi ake mutuwo pa imelo. Anautumiza masabata awiri m'mbuyomo. Anataya ntchito ya masabata awiri, osati ya chaka. Pamenepo m'pamene ndinakonza Windows, ntchito yosavuta.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti anasunga, pamene sanasunge. Wina amati, "Ndinaika ku D." Koma pa makompyuta ambiri C ndi D ndi zipinda ziwiri za nyumba imodzi, ndipo disiki ikafa zonse zapita. Wina ali ndi flashi, koma imakhala m'chikwama chimodzi ndi laputopu, ndipo wakuba wa m'minibasi satenga chimodzi n'kusiya chinzake. Enanso amadalira System Restore, osadziwa kuti imabweza Windows ndi mapulogalamu mmene zinalili, osati kalata imene munafufuta.

Chimene ndimaphunzitsa makasitomala anga n'chakuti chinthu chofunika chikhale malo atatu: pa kompyuta, pa disiki yapadera yotsala kunyumba, ndi pa intaneti. Amadandaula za mabando, ndipo ndimawamvetsa. Komatu Google Drive imapatsa 15 GB kwaulere, ndipo zolembalemba n'zopepuka: kafukufuku wathunthu sangafike kukula kwa vidiyo imodzi ya ukwati. Kwezani zolemba, mavidiyo apite pa disiki. Ndipo kamodzi pa mwezi tsegulani zimene munasungazo muone ngati zikutseguka. Ndinaonapo bambo wina atasunga mokhulupirika kwa zaka, koma ankakopera ma shortcut okhaokha.

Kunena za ma shortcut, flashi ikapita kosindikizitsa mapepala imabwera ndi kachilombo kamene kamasandutsa mafoda kukhala tizizindikiro. Musaifomate. Mafayilo amakhala alimo, angobisidwa, ndipo kuwatulutsa ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Masiku ano ndikuika ma SSD ambiri. Amathamanga, saopa kugwedezeka kwa m'basi, koma akamafa salira ngati disiki yakale, amangozima. Komanso kuyambira pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse, choncho ambiri akubwera kuti ndiwaikire ina. Aliyense ndimamukopera kaye zake, ngakhale achite changu chotani.

Dzinja likafika amabwera a ku Kanyama, kumene madzi amalowa m'nyumba. Panopa pa shelefu yanga pali kompyuta ya mayi wina wosoka zovala, matope mpaka m'kati. Ndachotsamo disiki, ndaipukuta, ikuuma. Anandiuza kuti muli miyezo ya makasitomala ake onse. Ndamuuza kuti abwere Lachisanu, ndipo sindiiyatsa tsikulo lisanafike.