Kalata kwa Mwana Wopita ku Kanengo: Za Chikonga ndi Minyewa ya Thupi

Nsaru, Lilongwe

Mwana wokondedwa,

Fodya ndi mbewu imene yamanga nyumba zambiri za malata kuyambira ku Namitete mpaka ku Kabudula ndi Nambuma, makamaka kuchokera mu 1990 pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa burley yemwe kale anali wa m'maesiteti, ndipo bambo ako, amene fizi yako yonse anaitulutsa m'chigafa, sangalankhule za mbewuyi ngati mlendo. Chimene chawalembetsa kalatayi ndi kusuta kumene unayamba ndi chingambwe chokulunga m'pepala la kope, ndipo nkhawa yawo yakula tsopano pamene ukupita kukagwira ntchito ku Kanengo, kumene ndudu zimagulitsidwa imodzi-imodzi pa benchi iliyonse ndipo kulibe amayi ako oti anunkhize malaya.

Osuta ambiri amati ndudu imakhazika mtima pansi, koma umboni wa thupi ndi wosiyana. M'thupi muli minyewa, ndiye kuti tizingwe tonyamula uthenga, imene imayendetsa mtima, mitsempha ya magazi, matumbo ndi thukuta popanda munthu kuilamula, ndipo gawo limodzi la minyewayi, limene madokotala amalitcha sympathetic nervous system, ndi limene limadzidzimutsa thupi pa ngozi. Minyewa yake imatuluka mumsana kuyambira m'munsi mwa khosi mpaka cha m'chiuno, n'kukalowa m'timfundo tondandalikana mbali zonse ziwiri za fupa la msana, momwe uthenga umapatsiridwa kwa minyewa ina yopita ku ziwalo. Munthu akaponda pafupi ndi mphiri popalira, gawoli limafulumizitsa mtima, limafinya mitsempha ya pakhungu ndi ya m'mimba kuti magazi athamangire ku miyendo ndi manja, limaimitsa kugaya chakudya, limauza chiwindi kuti chitulutse shuga, ndiponso limalamula tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso kuti tithire m'magazi adirenalini, amene ndi madzi olimbikitsa zonsezi. Ngozi ikapita, gawo linzake, lotchedwa parasympathetic, limabweza mtima m'malo mwake kuti munthu apume ndi kudya.

Chikonga, poizoni wa m'tsamba la fodya amene amasiya utomoni wake wakuda m'manja mwa wothyola, chimakhala ngati kiyi wabodza amene amatsekula timfundo tija ndi tiziwalo ta pa impso ngakhale palibe mphiri iliyonse. Katswiri wa ku Cambridge, John Newport Langley, anapaka chikonga pa timfundoti mu 1889 pofufuza njira za minyewayi, ndipo kufikira lero timakomo tolandirira uthenga m'menemo timatchedwa ndi dzina la chikonga. Aliyense wa kuno amene anathyolapo fodya wonyowa ndi mame, kenaka n'kumva nseru, chizungulire ndi thukuta lozizira pofika masana, anaona kale mphamvu ya poizoniyu atangolowera pakhungu. Wosuta amamulowetsa kudzera m'mapapo, ndipo pasanathe theka la mphindi amakhala atafika ku ubongo, mtima n'kuyamba kugunda mofulumira, magazi n'kukwera. Thupi limene linalengedwa kuti lizidzidzimuka mwa apo ndi apo limakhala likudzidzimutsidwa kakhumi kapena kuposa pa tsiku, chaka ndi chaka, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene osuta amadwalira mtima ndi sitiroko, kuwonjezera pa khansa ya m'mapapo ndi chifuwa chachikulu.

Mtendere umene wosuta amamva uli ndi gwero lina. Chikonga chimachititsa ubongo kutulutsa dopamini, madzi amene amapatsa munthu chisangalalo, ndipo ubongo ukazolowera umayamba kuchifuna. Koma pakapita maola awiri theka la chikongacho limakhala litatha m'magazi, ndiye pamabuka chibaba, kukwiya msanga ndi nthumanzi. Ndudu yotsatira imangoziziritsa moto umene inakoleza ndudu yoyamba. Bambo ako akufunitsitsa kuti umvetse mfundo imeneyi kuposa zonse, chifukwa mnyamata amene waimvetsa sadziyesa wofooka mtima akamavutika posiya, ndiponso sanamizidwa kuti fodya ndi mankhwala a nkhawa za m'tauni.

Kusiya kumayamba ndi kusankha tsiku lenileni, ndipo tsiku la ulendo ndi labwino koposa, popeza munthu akasintha malo amasiya m'mbuyo chigafa, bwalo la bawo ndi anzake amene ankayatsirana nawo. Pa tsikulo ndudu zonse ndi machesi zitayidwe, osasungako imodzi ya pa mavuto. Masiku atatu oyambirira ndiwo owawitsa, tulo timasowa ndipo njala imakula, koma pakatha milungu iwiri kufikira inayi zambiri zimazilala. Chibaba chimabwera ngati mvula ya mkuntho, chimakalipa kwa mphindi zochepa kenaka n'kudutsa, ndipo pa mphindi zimenezo wosiya amwe madzi pang'onopang'ono, ayende, kapena akoke mpweya mozama n'kuutulutsa mochedwa, chifukwa kupuma kotero kumathandiza gawo lija lokhazika thupi pansi. Mowa ndiwo umagwetsa ambiri, kaya ndi kachasu kaya wa m'botolo, choncho miyezi yoyambirira nkoyenera kuutalikira pamodzi ndi malo ake. Fodya wa pamphuno, amene makolo anamuika ngakhale m'mwambi, si pothawira, pakuti chikonga chake ndi chomwecho.

Palinso thandizo la kuchipatala, ndipo kulipempha si chamanyazi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, lomwe pangano lake lolimbana ndi fodya dziko la Malawi linalowamo mu 2023, limavomereza timapepala tomata pakhungu ndi chingamu zokhala ndi chikonga chochepa, zimene zimachepetsa chibaba popanda utsi, komanso mapiritsi monga varenicline ndi bupropion, omwe ayenera kulembedwa ndi dokotala. Ofunika kufunsa ndi a zaumoyo, kaya ku St Gabriel's ku Namitete kaya ku Kamuzu Central, osati ogulitsa mankhwala pamsika. Bungwelo limanenanso kuti pakatha mphindi 20 munthu atasuta ndudu yomaliza kugunda kwa mtima kumayamba kutsika, pakatha maola 12 mpweya woipa wa carbon monoxide, womwe uja umapha ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka, umabwerera pa mlingo wake m'magazi, ndipo pakatha chaka chiopsezo cha nthenda ya mtima chimatsika pafupifupi ndi theka.

Ambiri amene anasiyiratu anayamba agwapo kangapo, motero ndudu imodzi ikadzakupulumuka, usadzabise. Udzaone chimene chinakugwetsa n'kuyambiranso tsiku lomwelo. Amayi ako akazinga mtedza ndi chimanga, ndipo aika m'chikwama chako kuti pakamwa ndi m'manja pasasowe chochita. Bambo ako adzaimba foni madzulo a tsiku lachitatu, ndipo akupempha kuti udzayankhe ngakhale zinthu zitakhala kuti sizinayende bwino.

Bambo ako