Mphete imene tinaponya m'chimbudzi

Ndili ndi zaka 9, ine ndi msuweni wanga tinakola kambalame kovala mphete. Kunali kwathu ku Phalombe, nthawi ya dzinja chimanga chitayamba kumasula. Tinapaka ulimbo pa timitengo m'mbali mwa chithaphwi, ndipo mwa timbalame tisanu timene tinamatirira tsikulo, kamodzi kanali ndi kachitsulo koyera kumwendo, kolembedwa manambala ndi timawu tomwe sitinathe kuwerenga. Tinathamangira nako kunyumba ngati tatola ndalama. Agogo aakazi atangokaona anabwerera m'mbuyo. "Mbalame ya mwini iyi. Inu munaonapo mbalame yakutchire itavala chibangili? Katayeni msanga, musatiitanire zinthu pakhomo pano." Kambalameko tinakawotcha mobisa kuseri kwa nkhokwe n'kudya, poti ndiwo sitaya. Koma mpheteyo tinaiopa. Msuweni wanga anaiponya m'chimbudzi.

Nkhaniyi ndinaiiwala mpaka mwezi wa Marichi chaka chino, pomwe mnzanga wina wa biology anandipeza ku hositelo n'kundiuza kuti gulu lawo likusowa munthu wolemba. Amapita masiku atatu m'mphepete mwa dambo la nyanja ya Chilwa kukaveka mbalame mphete. "Inu a humanities ntchito yanu si kulemba basi? Tiyeni, nsima ndi yaulere." Ndinavomera chifukwa cha nsimayo, ndisaname.

Malowo sanali oti n'kujambulitsapo chithunzi cha pa Facebook: matenti atatu, tebulo lopinda pansi pa mtengo, matope ofika m'akakolo ndi udzudzu wosaopa mankhwala. Amatsogolera anali mayi wina wachikulire wokhala ndi chilolezo cha ntchitoyi, wosalankhulalankhula. Timadzuka 4 koloko kukatambasula maukonde kusanache. Ukonde wake ndi wopyapyala ngati ulusi wa kangaude, wotalika mamita 12, womangidwa pa nsungwi ziwiri pakati pa bango ndi zitsamba. Mbalame siiuona, ikaugunda imagwera m'kathumba ka ukonde womwewo n'kukodwa. Pakatha mphindi 20 kapena 30 wina amazungulira, kuwonjola zimene zakodwa, kuika iliyonse m'kathumba kansalu n'kubwera nazo patebulo.

Apo ndiye panali ntchito. Mayi aja amatulutsa mbalame, mutu wake uli pakati pa chala chamkombaphala ndi chapakati, n'kutseka mphete kumwendo ndi pulayazi yokhala ndi timabowo, moti mpheteyo izizungulira koma isavuke. Kenako amayeza phiko pa rula, kuika mbalameyo chadodolido m'kachubu pa sikelo, n'kuuzira nthenga zapamimba kuti aone mafuta achikasu pansi pa khungu. Amatchula manambala osandiyang'ana, ine ndikulemba: nambala ya mphete, mtundu, msinkhu, phiko, kulemera, mafuta, nthawi. Zonsezi sizimapitirira mphindi ziwiri. Akatero amatambasula dzanja, mbalame ija phururu! Ikamakwana 10 koloko timapinda maukonde, chifukwa dzuwa likakula mbalame yokodwa siichedwa kufa.

Zambiri zimene timagwira zinali zathu zomwe: apumbwa, atchete, timpheta. Koma m'mawa woyamba womwewo mayi aja anatulutsa kambalame kotuwirako, kosaoneka bwino n'komwe, kamene kwathu tikanangoti timba. Mawu awo anasintha. "Lembani bwino apa, achimwene. Marsh warbler."

Kambalame kameneka nthawi zambiri kamalemera magalamu 12 kapena 13, ngati masupuni atatu a shuga. Kamaswa ku Europe, m'mayiko ngati Belgium, Germany, Poland ndi Russia. Kamanyamuka kumeneko cha mu Ogasiti, kumauluka usiku, kudutsa ku Middle East, n'kukapuma miyezi ingapo cha ku Sudan ndi Ethiopia. Mu Novembala ndi Disembala kamadutsa ku Kenya. Kumeneko, pa Ngulia m'nkhalango ya Tsavo West, magetsi a malo ogona alendo amakopa mbalame zoterezi usiku wa nkhungu, ndipo anthu akhala akuziveka mphete pamenepo kuyambira mu 1969. Kuno kamafika mvula itagwa, n'kubwerera kumapeto kwa Marichi kapena mu Epulo. Kamene tinagwirako kanali ndi mafuta ambiri pamimba: kamba wa paulendo.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi nyimbo yake. Kambalameka kamaimba poba mawu a mbalame zina. Françoise Dowsett-Lemaire, yemwenso analemba nawo buku la The Birds of Malawi la mu 2006, anafufuza nyimbo za timbalameti ku Belgium ndipo mu 1979 anafalitsa zimene anapeza: anazindikira mawu a mitundu 212 ya mbalame, 99 ya ku Europe, 113 ya ku Africa. Tangoganizani. Kwinakwake m'mbali mwa ngalande ku Belgium mwezi wa Juni, kambalame kakufunsira mbeta pogwiritsa ntchito mawu a mbalame za kuno, ndipo odutsa ndi njinga zawo sakudziwa kuti akumva chiyani.

Tsiku lachiwiri ndinalakwitsa. Anthu anachepa, ndiye anandituma kukaona ukonde wakutali kuti ngati mwakodwa kanthu ndiitane wodziwa kuwonjola. Panjira foni inagwira netiweki koyamba chibwerereni, ndipo ndinaima pachulu kuyankha mauthenga a gulu la asainimenti. Ndimayesa mphindi zisanu, koma zinali zoposa 20. Nditafika ndinapeza katimba kali m'thumba lapansi la ukonde, lomwe linalendewera mpaka kukhudza udzu, linthumbu litakakuta thupi lonse. Kanali katafa kale. Mayi aja sanakalipe. Anakatenga, kukayeza ngati zinzake zonse, n'kunena kuti, "Lembani kuti yafera mu ukonde, ndipo mulembe chifukwa chake." Ndinalemba ndi dzanja langa kuti woyendera ukonde anachedwa.

Ndadya mbalame zosawerengeka m'moyo wanga ndipo sindinalirepo ngakhale imodzi. Koma nsima ya tsiku limenelo inandikanika. Ndikuganiza kuti n'chifukwa choti timbalame ta ulimbo tija timafera njala yathu, pamene aka kanafera mauthenga a pa WhatsApp. Amene amanena kuti kuveka mphete sikupweteka mbalame amafupikitsa nkhani. Mbalame imachita mantha, imataya nthawi yodya pa nyengo imene galamu iliyonse ili ndi ntchito, ndipo mwa apo ndi apo ina imafa. Ntchitoyi ili ndi mtengo wake, ndipo olipira ndi mbalamezo. Choncho funso loyenera ndi lakuti: kodi chimene timagula ndi mtengo umenewo chimafika kwa ndani?

Madzulo a tsiku lomwelo kunadutsa bambo wina wachikulire atanyamula misampha ya zingwe paphewa. Anaima patali kutiyang'ana nthawi yaitali, kenako anasendera kwa ine, mwina poona kuti ndine ndekha amene ndinalibe chogwira m'manja.

"Mwanawe, ndiye mukazigwira mumazitayanso?"

"Eya bambo, timangoziveka kachitsulo n'kuzisiya."

"Mwezi uno? Pamene zanona chonchi?" Anapukusa mutu ngati waona munthu akutaya ufa m'madzi. "Tizitimba timeneti tikanona chonchi ndiye kuti tatsala pang'ono kusowa. Chimanga chikamauma simutionanso, mpaka mvula ina."

Zimene mayi aja amapeza pouzira nthenga ndi kulemba manambala, bamboyu amazidziwira pamoto. Chimene samadziwa ndi kumene timbalameto timapita. Nditawauza za Europe anaseka, kenako anasiya kuseka n'kutsitsa mawu. Anati tizitsulo timeneti anatipezapo katatu pa zaka zonse zimene akhala akutchera mbalame m'damboli. Sanauzepo munthu. Ankaganiza kuti ndi mbalame za boma, ndipo kuti akazionetsa amangidwa.

Apa ndi pamene ndinakumbukira chimbudzi cha agogo, ndipo apa ndi pamene pali mfundo yanga. Mphete ndi kalata. Woveka amaitumiza osadziwa amene adzaiwerenge, ndipo zambiri sizimawerengedwa n'komwe. Mwa timbalame ting'onoting'ono, timene timadzapezekanso kutali n'tochepa zedi. Kalata ikafika kuno ku Africa, amene amaitsegula kawirikawiri si pulofesa. Ndi mlenje, msodzi, mayi wopirikitsa mbalame m'munda wa mpunga, mwana wa legeni. Sayansi imeneyi yadalira anthu oterewa kuyambira pachiyambi.

Onani mbiri yake. Mpaka m'zaka za m'ma 1700, anthu ophunzira a ku Europe ankakhulupirira kuti anamzeze akasowa nthawi yozizira amakhala atagona m'matope pansi pa madzi. Mu 1822, pafupi ndi Klütz ku Germany, kunaphedwa dokowe yemwe anali ndi mkondo wa ku Africa utamulasa pakhosi. Anauluka nawo ulendo wonsewo, ndipo mpaka lero amasungidwa ku yunivesite ya Rostock. Umenewu unali umboni wosatsutsika woti mbalamezi zimapita ku Africa. Mabuku amatchula malo amene dokoweyo anagwera, koma munthu amene anasula mkondowo n'kuuponya palibe amamudziwa. Mu 1899 mphunzitsi wa ku Denmark, Hans Christian Cornelius Mortensen, anayamba kuveka mbalame mphete za aluminiyamu zokhala ndi nambala ndi keyala. Namzeze wina amene anavekedwa ku Staffordshire ku England mu 1911 anakagwidwa pafamu ina ku Natal mu Disembala 1912, ndipo zinadziwika chifukwa choti wina anakhala pansi n'kulemba kalata. Ngakhale ukonde wopyapyala uja si asayansi anauyambitsa. Unali wa alenje a ku Japan ogwira mbalame zodya, ndipo ofufuza anautengera itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Kum'mwera kwa Africa kuno ntchito yoveka mphete inayamba mu 1948, ndipo zolembedwa zake zimasungidwa ndi SAFRING ku yunivesite ya Cape Town. Zaka zoposa 70 zapita, koma uthenga wa pamphete ukadali timawu ta chilankhulo chachilendo tofunika galasi kuti uwerenge. Ine ndinaphunzira pulayimale ndi sekondale m'boma loyandikana ndi nyanja imene mu 1997 inakhala dambo loyamba la Malawi kulowa m'pangano la Ramsar, makamaka chifukwa cha mbalame zake. Palibe mphunzitsi, pulogalamu ya pawayilesi kapena chikwangwani chimene chinandiuzapo kuti ukapeza mphete pa mbalame ulembe nambala, malo ndi tsiku, n'kupereka kwa wina. Agogo anga sanali opusa. Anaona chinthu chopangidwa ndi munthu pa nyama yakutchire, ndipo anachimasulira ndi nzeru zimene anali nazo. Wina aliyense akanawauza chabe kuti chitsulocho n'chiyani, bwenzi lero ndikudziwa dziko limene ndinadya mbalame yake.

Wina anena kuti ndikuikira kumbuyo kupha mbalame. Ayi. Koma anthu a ku Chilwa satchera mbalame chifukwa chodana nazo. Nyanja ija imaphwa. Inaphwa mu 1995, inaphwanso mu 2018, ndipo matemba ndi milamba zikasowa anthu amatembenukira ku mbalame. Atchera ndithu, kaya ofufuza alipo kaya palibe. Kusiyana kwake n'kwakuti mlenje amene amadziwa kuti kambalame kali m'dzanja lake kachokera ku Poland, ndipo kuti akanena samangidwa, amakhala mnzako pa ntchitoyo. Amene amakuopa amabisa mphete. Ndipo ine ndikukhulupirira, ngakhale sindingakupatseni umboni wa manambala, kuti munthu amene wamva ulendo wa kambalame amayamba kukaona mwina.

Ndisawanene a biology okha. Ifenso a humanities timakonda kulemba masamba 15 m'Chingerezi chokhwima za kulemekeza nzeru za makolo, koma m'buku limene ndimalembamo lija munalibe dzina limodzi la Chichewa, ndipo ine sindinaganize zolionjezera. Bambo aja anatchula mayina a timbalame tosiyanasiyana timene ine ndimangoti timba, ena m'Chiyao, ena m'Chilomwe cha agogo anga chimene ine sindilankhula. Ndinachita manyazi kuposa a linthumbu aja.

Tsiku lomaliza, tikupinda matenti, anabweranso. Anatulutsa kabokosi ka machesi m'thumba la malaya n'kundipatsira ine, osati mayi aja. Munali mphete imodzi yokha. Zina ziwiri anati zinasowa pamene anasamuka. Inali yoperepeseka mbali imodzi, koma pa galasi la mayi aja mawu anaoneka: Helsinki. Manja awo, amene kwa masiku atatu sanagwedezeke pogwira mbalame, ananjenjemera pang'ono.

"Afunseni kuti inali mbalame yanji, ndipo anaigwira liti."

Ndinawafunsa. Anati inali yaing'ono, ya mlomo wokhota ngati wa kabawi, ndipo chinali chaka chimene nyanja inaphwa.

"Kuphwa kwake kuti, bambo? Kwa 1995 kapena kwa 2018?"

"Aa, mwanawe, kwakale kuja. Mwana wanga wachiwiri ali kumsana."

Ndinalemba zonsezo kumapeto kwa buku. Titabwerera ku Zomba tinadzaza fomu ya pa intaneti. Nambala, malo, chaka, mmene mbalame inafera. Akayankha adzatiuza mtundu wake, kumene inavekedwa ndi tsiku lake, ndipo ndinawalonjeza bambo aja kuti ndidzakwera kabaza kukawauza ndekha. Pa mzere wa dzina la wopeza tinasiyapo popanda kanthu. Ndinawapempha kawiri konse, koma anakana kundiuza.