Kuno amakukana ndi kalata, kwathu amakukana pakamwa

Anzanga amene mumandifunsa kuti zachipatala zimayenda bwanji kuno ku America, lero ndikuyankheni, poti ndangochoka pamlandu wa miyezi itatu.

Bondo litandivuta, dokotala anati lijambulidwe ndi MRI. Anandijambuladi. Kenako kampani ya inshulansi, yomwe imadya gawo la malipiro anga mwezi ndi mwezi, inandilembera kalata kuti silipira, ati sitinayambe tapempha chilolezo chawo. Chilolezocho amachitcha prior authorization. Ndiye kuti munthu wa mu ofesi, amene bondo lako sanalionepo, ndi amene amagamula ngati dokotala wako walondola.

Ndinkayesa tsoka langa ndekha, mwinanso poti ndine wobwera. Ayi ndithu. Bungwe la KFF linafufuza makampani ogulitsa inshulansi pa webusaiti ya boma ya HealthCare.gov n'kupeza kuti mu 2023 anakana mabilu 19 pa 100 alionse, ochokera kuzipatala zimene iwo omwe anagwirizana nazo. Chimene chinandiimitsa mutu n'kusiyana kwake: kampani ina inakana 1 pa 100, ina 54. Matenda ndi omwewo, lamulo ndi limodzi, ndiye chilungamo chili pati? Komanso ife olandira inshulansi kuntchito sitisankha n'komwe, timangolowa imene abwana anakonda. Mkulu wa kampani ya inshulansi ya UnitedHealthcare, Brian Thompson, atawomberedwa ku New York mu Disembala 2024, anthu ambiri pa intaneti m'malo mopepesa maliro ankangofotokoza za makalata awo owakana. Kupha munthu n'koipa, koma mkwiyowo ndinaumvetsa.

Musathamangire kunena kuti bola kwathu. Kwathu okhala ndi khadi la inshulansi ya MASM kapena ina ndi ochepa, ambiri a iwo apantchito za m'tauni, ndipo kulira kwawo ndi shortfall, gawo la bilu limene inshulansi imawasiyira kuti alipire okha. Ena onse amadalira chipatala cha boma, chimene amati n'chaulere. Koma kukana kuliko. Mayi anga anafola kuyambira m'bandakucha, adokotala anawalembera bwinobwino m'buku lawo la kuchipatala, pawindo n'kuwauza kuti mankhwala atha, akagule kufamase. Foni inalira kuno usiku, ndalama ndinatumiza ndine. Inshulansi ya kumudzi ndi ife ana okhala kunja, ndipo ife kukana sitingathe.

Kukana kwa pawindoko kulibe kalata, kulibe chifukwa cholembedwa, ndipo mayiwo anangoti zikomo n'kubwerera. Kunoko, nkhanza zili apo, pepala limakupatsa pogwira. Lamulo la Affordable Care Act la 2010 limakupatsa masiku 180 ochita apilo, ndipo akakananso ukhoza kupititsa nkhaniyo kwa anthu apadera osakhala a kampaniyo. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa mabilu 100 okanidwa, ofika pa apilo sakwana ndi limodzi lomwe.

Ine ndinachita apilo, dokotala anawonjezerapo kalata yake, ndipo kampaniyo inalipira. Inu muli kunonu, kalata yotere ikakupezani musaiponye m'dirowa. Onani tsiku limene inalembedwa, muimbire dokotala wanu mawa lomwe.