Mmene Ndidatayira Dzina la Parishi Yathu

Anzanga m'kalasi amanditcha "Injiniya" chifukwa kompyuta ya m'laibulale ikakana kuyaka amathamangira ine. Dzinali ndinkalikonda kwabasi. Masiku ano ndikalimva ndimakumbukira manyazi amene adandigwera kwathu. Popeza tchuthi chayandikira, ndipo ena a inu mukatumidwa ntchito ngati imene ndidatumidwa ine, ndati ndiulule zonse.

Nditamaliza Fomu 2, Bambo mfumu adandiitana ku ofesi kwao. Parishi inali itayamba kumanga tchalitchi chatsopano, ndipo akhristu athu amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndi ku London ankafuna kumaona mmene ntchito ikuyendera asanatumize thandizo. "Mwana wanga," adatero Bambo, "akuti pakufunika tsamba la pa intaneti. Iwe ndiwe wophunzira, tithandize." Ndidavomera msangamsanga ngati ndidabadwira m'kompyuta.

Tsamba lililonse limafuna dzina, lija timalemba pamwamba kuti tilipeze, monga vatican.va. Akatswiri amalitcha domain. Ndidafufuza mitengo ndipo maso anga adagwera pa kampani ina yakunja imene inkapereka dzina lothera ndi .com pa dola imodzi yokha, pamene anzake ankatchula madola oposa khumi. Ndidadziona wochenjera. Vuto linali kalipiridwe, chifukwa pankafunika kadi ya kubanki yolipirira madola, ndipo parishi inalibe. Mnyamata wina wokonza mafoni pamsika adati atilipirira ndi kadi yake, ife timubwezere makwacha. Fomu adadzaza yekha: dzina lake, imelo yake, mawu achinsinsi akenso. Ine ndidangoonetsetsa kuti dzina la woyera wa parishi yathu alilemba bwino.

Tsamba lidakongola. Tidaikapo zithunzi za maziko, za amayi akutunga madzi, za njerwa zimene miphakati idaumba, komanso nambala ya akaunti ya parishi. Adiresi yake idasindikizidwa pa kalendala ya parishi ndi pa maenvulopu a chopereka. Akatekisi atanditchula pa zolengeza, mayi anga adaimba nthungululu m'tchalitchi.

Padapita chaka ndi miyezi ingapo. Ndili Fomu 4, Bambo Rekitala adandiitanitsa m'kalasi kuti Bambo mfumu akundifuna pafoni. Mkhristu wina wa ku London anali atatsegula tsamba lathu n'kupeza zotsatsa juga, pansi pa dzina la woyera wathu. Funso lake linali limodzi: kodi ndalama zimene akhala akutumiza zikupita kuti? Usiku umenewo sindidagone.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti dzina la pa intaneti sagula ngati njinga. Amabwereka, monga dimba la lendi, kwa chaka chimodzi kapena zingapo, osapitirira khumi. Mayina onse othera ndi .com ali m'kaundula mmodzi amene amasungidwa ndi kampani ya ku America yotchedwa Verisign, ndipo makampani amene amatigulitsa ife amachita kupikula kumeneko. M'chaka cha 2024 mtengo wopikulira dzina limodzi udafika $10.26 pachaka. Tsono taganizani: munthu wapikula chinthu pa madola khumi, akugulitsa pa dola imodzi. Kodi ndi wachifundo? Ayi, imeneyo ndi nyambo. Amadziwa kuti ukasindikiza dzina pa kalendala sungalisiye, ndipo chaka chachiwiri adzabweza zake zonse ndi phindu pamwamba. Mtengo wa chaka chachiwiriwo udalembedwa ndithu, koma m'tizilembo ting'onoting'ono timene ine sindidawerenge. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kunena zoona, kampaniyo sidatibere. Pali bungwe lotchedwa ICANN, lokhazikitsidwa mu 1998, limene limaika malamulo a mayinawa. Limalamula kuti wogulitsa achenjeze mwini dzina kutatsala pafupifupi mwezi, kenako kutatsala sabata, ndiponso nthawi itangotha. Machenjezo athu adatumizidwa, koma adapita kwa mwini wake, ndipo m'kaundula mwini wake anali wokonza mafoni uja. Iyeyo anali atasamuka, nambala yake yosapezeka. Dzina likatha nthawi pamakhalabe mpata: wogulitsa akalifufuta, pali masiku 30 amene ungaliwombole, ngakhale ndi ndalama zambiri, ndipo pakapitanso masiku asanu limakhala la aliyense wolifuna. Alipo anthu amene ntchito yawo n'kudikirira mayina ogwa chotere, ngati akhwangwala pa nkhokwe yoboola. M'masabata onsewo tsamba lathu silinkatseguka, koma kuparishi ankangoti ndi netiweki yavuta, ndipo ine ndinali kuno kumene foni saloleza.

Nditayamba kuwerenga, mochedwa, ndidapeza kuti ena adalira kuposa ife, chifukwa nthawi zina wogulitsayo ndi amene amagwa. Mu 2007 ICANN idalanda chilolezo kampani ya ku America yotchedwa RegisterFly, anthu ambiri atadandaula kuti ankalipira koma mayina awo osawonjezeredwa nthawi, ndipo mayina amene inkasunga adasamutsidwira ku GoDaddy. Panalinso Freenom, imene inkapereka mwaulere mayina othera ndi .tk, chizindikiro cha tizilumba ta Tokelau. Idasiya kulemba mayina atsopano mu 2023 itasumiridwa ndi eni ake a Facebook, ndipo mu 2024 idalengeza kuti yasiya malondawo. Ndidayamika Mulungu kuti mawu akuti "ulere" sindidakumane nawo tsiku lija, pakuti ndikadathamangira komweko.

Pa tchuthi cha Khirisimasi ndidalowa mu ofesi ya Bambo mfumu miyendo ikunjenjemera. Sadandikalipire. Adatsegula kabati, natulutsa kaundula wa ubatizo, buku lalikulu lija lachikuto chakuda, n'kundionetsa dzina langa. "Bukuli lidatulukapo m'nyumba muno?" adafunsa. Ndidati ayi, Bambo. "Nanga dzina la parishi udalisiya bwanji m'thumba la munthu amene ngakhale kwawo sukudziwa?" Ndikadakonda akadandikalipira.

Tidayambanso, koma ulendo uno tidakhala pansi ndi khonsolo ya parishi, ndipo ine ndidafunsa mafunso amene ndikadafunsa poyamba. Loyamba silinali la mtengo wa lero, koma wa chaka chamawa ndi cha mkuja. Tidaonetsetsa kuti wogulitsa ali pa mndandanda wa ovomerezedwa ndi ICANN, ndiponso kuti tikafuna kumuchoka adzatipatsa nambala yosamutsira dzina popanda kutizunguza. Msungichuma, bambo wachikulire amene sadagwirepo kompyuta, ndi amene adafunsa funso lolemera koposa: "Chikavuta, tikalankhula ndi ndani?" Chifukwa cha funso limenelo tidasiya kampani ina yotchipa imene inalibe munthu woyankha makalata. Mwini dzina tidalemba parishi, imelo ya parishi, ndipo mawu achinsinsi ali mu envulopu yomata m'kabati momwe muja muli kaundula. Kadi adabwereka kwa mkhristu wina, koma kulipira kokha, osati umwini. Tidalipira zaka zisanu, ndipo tsiku lothera lidalembedwa m'buku la zokambirana za khonsolo.

Dzina lakale silidabwerere. Amene adalitola adatchula mtengo woti ungagule malata ambiri a tchalitchi, ndipo Bambo adangopukusa mutu. Adalemba okha kalata kwa akhristu akunja kufotokoza zimene zidachitika, ndipo ena adatenga miyezi asanayambenso kutumiza. Ntchito yotsala adandipatsa ine. Masabata awiri a tchuthi chimenecho ndidayenda pa njinga mphakati ndi mphakati, cholembera m'thumba, kufufuta adiresi yakale pa maenvulopu ndi pa makalendala amene anthu ankasungabe pakhoma chifukwa cha chithunzi cha woyera. Pakhomo pena agogo adandifunsa ngati woyera wathu wasintha dzina. Ndidati ayi, agogo, yasintha ndi adiresi yokha.