Ndinasamuka usiku

Mwezi wa June chaka chilichonse, mchemwali wanga wa ku Johannesburg amatsegula nkhani imodzi pa tsamba lino. Ndi ija ndinalemba bambo athu atangotisiya mu 2017, yonena za njinga yawo yakapalasa ndi mmene ankaimangira ndi mphira ikathyoka. Linki yake anaisunga pa WhatsApp. Chaka chathachi anandiimbira usiku, mawu ali pansi: "Achimwene, nkhani ya adadi ija mwaichotsa?"

Sindinaichotse ayi. Ndinangosamuka, koma ndinasamuka ngati munthu wothawa lendi: usiku, katundu pa wilibala, aneba osawatsanzika.

Tsambali linabadwira pa Blogger. Mu April ndinalisamutsira ku WordPress, ndipo ndisaname, chinandikoka ndi maonekedwe basi. Dzina la tsamba ndinali nditagula kalekale, ndiye ndinkati dzina likakhala lomwelo palibe chingasokonekere. Loweruka limodzi, bandulo ya usiku, nkhani zonse 140 zinawoloka. Ndinagona ndikudzitama.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti Google siona tsamba ngati nyumba imodzi. Imadziwa khomo lililonse palokha. Pa Blogger, adiresi ya nkhani imakhala ndi chaka, mwezi, mutu, n'kuthera ndi .html, ndipo ukatsegula pa foni imawonjezera kamchira ka ?m=1. Ine ku WordPress ndinasankha ma adiresi aafupi, a mutu wokha, eti akuoneka bwino. Makomo 140 onse anasintha usiku umodzi. Aliyense wobwera ndi adiresi yakale ankalandiridwa ndi 404, komwe kuli kunena kuti, "Pepani, kuno kulibe munthu wotero."

Si mchemwali wanga yekha amene anabwerera pakhomo. Ndili ndi nkhani ina yomasulira miyambi, imene ana asukulu ankaipeza patsamba loyamba akafufuza matanthauzo a miyambi ya Chichewa. Sikuti ndine katswiri, zolembedwa m'Chichewa pa intaneti n'zochepa, ndiye ngakhale nkhuku yowonda imaoneka. Komabe malowo anatenga zaka kuti apezeke. Masamba ena anali ataika linki yoloza kwa ine, ndipo Google imawerenga linki zoterozo ngati umboni woti nkhaniyo ndi yodalirika. Umboni wonsewo unali pa adiresi yakale. Yatsopanoyo inali mlendo wopanda womudziwa.

Ndiye panali china chochititsa manyazi. Mu WordPress, pa Settings kenako Reading, muli kabokosi kopempha makina ofufuzira kuti asalembe tsamba lako m'kaundula wawo. Ndinakachonga pomwe ndinkakonza zinthu, n'kuiwala kukachotsa. Miyezi iwiri ndikudandaula kuti alendo sakubwera, chikhalirecho pageti ndapachika chikwangwani cha agalu olusa.

Mankhwala ake amatchedwa 301. Ndi mneba uja amene mlendo akagogoda pa nyumba yakale amati, "Anasamukiratu amenewo, tiyeni ndikuperekezeni," n'kukamusiya pakhomo penipeni. Google ikaona 301 imasamutsira mbiri ya adiresi yakale ku yatsopano. Palinso 302, koma uyo ndi mneba wonena kuti, "Angochokapo pang'ono, abwera." Wosamukiratu sagwiritsa ntchito ameneyo.

Ndinakhala masiku atatu ndi mizere iwiri: kumanzere adiresi yakale, kumanja yatsopano, imodziimodzi. Ulesi unkandinong'oneza kuti onse ndingowalozera ku tsamba loyamba, nkhani ithe. Musayese, aise. Munthu wofuna nkhani ya njinga n'kumutula pa chipata kuti adzifunire yekha, amabwerera, ndipo Google nayonso nthawi zambiri imangoziwerenga ngati 404 yemweyo. Chondipweteka n'chakuti WordPress imalola kupanga ma adiresi ofanana ndi a Blogger, chaka, mwezi mpaka .html. Ndikanatero pachiyambi, ndikanangotsala ndi nkhani za mitu italiitali, poti Blogger imadula mutu ukatalika.

Kenako ndinapereka sitemap, mndandanda wa ma adiresi onse atsopano, ku Google Search Console, n'kumaona m'mawa uliwonse ma 404 akuchepa. Malangizo a Google amati ma 301 akhalepo kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo. Anga sindidzawachotsa. Linki za pa WhatsApp sizikalamba.

Nkhani ya miyambi ija inabwerera patapita milungu ingapo, ngakhale sinafike pomwe inali. Pamwamba pake pali wina tsopano, ndipo ndawerenga zake, walemba bwino.

Usiku umene ndinamaliza mzere womaliza ndinamulembera mchemwali wanga: "Tayesanso." Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu, kenako zii kwa mphindi khumi. Ndinadziwa kuti akuwerenga.

"Yatseguka, achimwene. Koma chithunzi cha njinga chija sichikuoneka."

Kani zithunzi nazo zili ndi ma adiresi awoawo. Ndinayatsanso laputopu.