Utsi wa M'mawa

Pamene ndinali mwana kwathu ku Lundazi, m'dziko la Mfumu Mwase, nkhalamba sinali kutha kudwala m'nyumba tsiku lathunthu anthu osadziwa. Dzuwa likatuluka, akazi opita ku citsime anali kuponya maso pa nyumba iri yonse. Akaona kuti utsi sunatuluke pa denga, citseko ciri cotseka ndipo pabwalo mposasesa, mmodzi anali kutula mtsuko wace nanka kukaodira. Nzeru imeneyi sitinaiphunzire pa sukulu ya mishoni ai. Mudzi wonse unali nayo.

Lero ine ndine kalaliki wa Boma ku Chipata, ulendo wa makilomita ngati 180 kucokera kwathu. Mlongo wanga ali pa ukwati ku Lusaka, ndipo amai, amene ali amasiye, akhala okha. Dzinja lapitali, pa nyengo ya kupalira, anagwa m'nyumba mbandakuca, nagona pansi kufikira dzuwa liri paliwombo, pakuti anansi onse analawirira ku minda, ndi ana ku sukulu. Tsoka silinunkha. Anacira ndithu, koma mtima wanga unanditsutsa, popeza ndalama zimene ndiwatumizira pa foni mwezi ndi mwezi sizinathe kuwadzutsa pansi paja.

Tsono ndinayamba kuwerenga za m'mene a maiko ena asungira makolo okhala okha. Ku Ulaya aika tizipangizo tating'ono m'nyumba ya nkhalamba: kena pa citseko, kena pa kama, kena kobvala m'khosi kamene kazindikira munthu akagwa. Timeneti tipenyerera mayendedwe a mwini nyumba, ndipo akapanda kudzuka pa nthawi yace, titumiza uthenga kwa ana ace. Ku Japan, kumene anthu pafupifupi 3 mwa 10 ali ndi zaka 65 kapena kuposa, kampani ya Zojirushi inayamba m'caka ca 2001 kugulitsa ketulo ya magetsi youza mwana wakutali kuti kholo lace lathira madzi a tiyi lero. Nditawerenga ici ndinaseka ndekha, pakuti ketuloyo ndiwo utsi wathu uja wa m'mawa.

Popita kumudzi ndinawafotokozera amai zonsezi, ndi kuti ndifuna kuwafunira kotere, popeza nyumba yao iri ndi magetsi a dzuwa. Iwo anati, "Mwana wanga, kodi ndasanduka ng'ombe kuti undimange belu m'khosi? Nanga kakalira ku Chipata, adzanditola ndani kuno?" Ndinasowa coyankha. Kacipangizo kamva, koma kalibe miyendo yothamangira kapena manja onyamulira munthu. Ndiponso munthu wamkulu safuna kulondedwa iye osabvomera.

Cotero tinakhala pansi ndi azakhali pamodzi ndi anyakwawa, ndipo tinapangana kuti mtsikana wa pa nyumba yoyandikana aziodira m'mawa asanapite ku sukulu, ine ndizimgulira makope. Ndiimba foni dzuwa likamatuluka, ndipo amai akapanda kuyankha kawiri, ndiimbira azakhali.

Inu anzanga amene mwatsiriza sukulu ndipo maso anu ali ku tauni, pitani, nchito njabwino. Makina otere akadzafika kwathu, tiwalandire, makolo akalola. Koma musanakwere basi, khalani pansi ndi abale, mumchule dzina munthu amene adzayang'ana utsi pa nyumba ya amai anu.